Wapolisi wa Meera ndi achimwene anga a ku Zomba

Loweruka lapitali tinanyamuka m'mawa ku South Bend kupita ku maphunziro a anamwino ku Indianapolis, ine pachiwongolero, pambali panga Meera, mnzanga wa kuntchito wochokera ku India. Mtima wanga unali m'mwamba. Dzulo lake amayi anali atachitidwa opaleshoni ya ng'ala kumudzi, ndipo tsikuli ndi limene amachotsa bandeji. Aonanso kapena ayi?

Pofuna kundiiwalitsa, Meera anatulutsa buku lake la Chihindi, nthano ya wapolisi wofufuza imfa ya mwini sitolo ya nsalu, n'kumandimasulira.

Koma wapolisi ameneyo abale! Wasonkhanitsa onse owakayikira m'chipinda chimodzi, wakhoma chitseko, wakweza chala kuti aloze wakuphayo. Kenako chala chija chakhotera kwa wophika: "Tiyi ameneyu, shuga anangomulonjeza?"

Ndinaseka, kenako ndinakwiya kuti ndaseka.

"Atchule dzina, munthu wafa apa!"

"Kukoma kwake n'komweko," anatero Meera. "Ukamaseka, mantha amakhala akupsa pang'onopang'ono."

Ndinamuuza monyada kuti ife Amalawi sitizungulira chonchi. Ndinafulumira kuyankhula! Nthawi yomweyo foni inalira: achimwene anga aakulu a ku Zomba.

"Achemwali, muli pabwino? Ngati mukudiraiva, yambani mwapaka."

Mawu amenewo mukuwadziwa inu. Ndinaima pamalo omwetsera mafuta.

"Amayi ali bwanji?"

"Tifika komweko. Alamu adzuka bwanji? Nanga ana? Chichewa ayamba kuyankha?"

Anandiuza za mvula. Anandiuza za minibasi imene inawafera panjira, ndi za munthu wa bedi loyandikana amene ankaliza mkonono ngati chigayo. Ine thukuta kamukamu.

Tinene zoona, ndani mwa ife amapereka uthenga osauphika? Wamaliro timati "adwalako pang'ono". Wabwino timaukhalira ngati nkhuku pamazira. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma anayambitsa mwambiwu analibe mayi m'chipatala kutsidya kwa nyanja.

"Achimwene, chonde! Akuona?"

"Aa, zimenezo? Atangochotsa bandeji, andiyang'anitsitsa, n'kuti: 'Kani zaka zonsezi ndimadyetsa munthu wa dazi?'"

Ndinalira, ndikuseka, mamina ndi misozi pamodzi. Sindikumbuka tsiku lina limene ndinakondwa chonchi.

Meera anadikira kuti ndipume. "Nthawi yonseyi amati chiyani?"

"Akuti amayi akuona."

"Basi?" Anayang'ana buku lake, n'kulisisita. "Ndiye wapolisi wangayu ndi wachangu."

Wopha mwini sitolo uja sindimudziwabe mpaka lero. Tikulowa mu Indianapolis ndinamuchonderera Meera kuti angonditchulira dzina. Anatseka buku, n'kundifunsa mwaulemu wonse:

"Tifika komweko. Ana adzuka bwanji?"