Mkaka wa Nkhadze

Azakhali anga ndi telala, ndipo nsalu amayamba aiyeza kawiri asanaidule. Nkhani ya mpanda anaiyezanso chimodzimodzi. Mbuzi za aneba zinali zitawamalizira maluwa onse, choncho anaganiza zodzala nkhadze kuzungulira nyumba.

Amuna awo anakana. "Mayi, utomoni wa mtengo umenewu ukalowa m'maso munthu amachita khungu."

"Nanga inu bambo mukufuna muzikaupaka m'maso?" anayankha azakhali, phazi lili pa makina. "Nkhadze siilira kuthirira, chilala siichiopa, mbuzi ikangonunkhiza imabwerera yokha. Tandiuzani mpanda wina wotero."

Basi nkhadze inadzalidwa. Inakula mpaka kupitirira mawindo. Poidulira, azakhali ankavala magolovesi ndi magalasi akuluakulu, n'kumakuwa kuti, "Patukani, mkaka ukudontha!" Utomoni woyerawo ankautchula choncho.

Tsiku lina akudulira, mdzukulu wawo wamkazi, kamwana kongoyamba kumene sukulu yamkaka, anatuluka m'khitchini ndi kapu n'kukaitchera pansi pa nthambi yodula. "Agogo, ndikufuna wothira mu tiyi."

Azakhali, amene tsiku lililonse amadandaula mawondo, anathamanga ngati mtsikana. Anamulanda kapuyo asanalawe n'komwe utomoniwo, n'kukaiponya kudzala. Dzuwa lisanalowe anali atazula nkhadze yonse ya kukhonde kumene ana amasewera, ndipo analamula kuti pakhomopo mkaka ndi wa ng'ombe basi.

Koma ya kumalire ndi aneba anaisiya. Amuna awo atafunsa chifukwa chake, azakhali anavula magalasi aja n'kunena kuti, "Mbuzi zija si zidzukulu zanga."