Dzina limene ndidafuula pawindo la zitupa

Senderani kuno ana inu, musiye kaye kusankha kachewereyo, sathawa. Iwe wagwira pensulowe ulembe monga ndikunenera, usakometse. Ine sukulu sindidapondeko, koma ofesi ya zitupa ya ku Halale ndidaigwedeza ndi pakamwa pangapa.

Ndidaganiza zopita ku Halale tsiku limene ndidalandira bulangeti lachitatu. Agogo anu aamuna, aNgozo, adali atapita kukaphika kuhotela ya azungu, ndipo chaka chilichonse ankatumiza bulangeti limodzi ndi kalata. Kalatayo aphunzitsi a pano pa Kandeu ankandiwerengera: "Ndili bwino, kaya inu. Samalani mbuzi." Basi, yathera pomwepo. Ndidayang'ana mabulangeti atatu aja n'kudzifunsa kuti, kodi ine ndidakwatiwa ndi bulangeti? Masiku amenewo mwamuna akakhalitsa kumeneko ankatola mkazi wa m'tauni n'kusanduka mtchona, kwawo osapondakonso. Ndidagulitsa mbuzi zomwe ankati ndisamale zija, ndidabereka kumbuyo Esinati, mayi wanuyu, ulendo.

Potsazika, apongozi anga adandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Adali mayi wamfupi, wa maso ngati a mphamba. Adati, "Nachisale, ndamva kuti Halale amameza ulemu wa anthu. Wanuwo mupite nawo, mubwerenso nawo."

Ndidadziwa chimene ankanena. Kwathu kuno kwa Angoni mkazi satchula dzina la mwamuna wake. Amamuitana ndi mfunda, aNgozo, kapena bambo a mwana wakutiwakuti. Dzina lenilenilo amalidziwa, koma limakhala m'mimba. Kulitulutsa pagulu n'chimodzimodzi kumuvula mwamunayo nsalu pamsika. Inu a lero mumaitana amuna anu ngati mukuitana galu wosaka, n'chifukwa chake mukusekatu.

Za m'njira sindichulutsa. Tidayenda pansi, tidakwera lole, tidaoloka Zambezi pa Tete ine nditatsinzina. Nditafika kulokeshoni, kumene anthu akuda ankagona, aNgozo adandipeza nditakhala pakhomo pawo ndi mtolo wanga. Adaima, chipewa m'manja.

"Nachisale! Nanga mbuzi?"

"Mbuzi ndi zimene zandinyamula."

Adaseka mpaka kukhala pansi. Mkazi wa m'tauni padalibe, ndiyenera kuwachitira umboni. M'nyumbamo mudali mphika umodzi wakuda bii ndi malaya oyera a kuntchito.

Miyezi yoyamba ndidasungulumwa, ana inu. Kulibe munda, kulibe mtondo, ufa wogula m'thumba. Anthu oyandikana nawo akulankhula Chishona, ine ndikungoti duu ngati chitsa. Ndinkalira masana aNgozo ali kuntchito, akamabwera n'kusamba m'maso. Amene adanditola ndi mayi wa khomo loyandikana, Mai Rudo, Mshona wonenepa wokonda kuseka. Iye adandiphunzitsa kugula, ine ndidamuphunzitsa kufutsa mfutso wa khwanya, ndipo tinkamvana theka ndi pakamwa, theka ndi manja.

Tsono ku Halale mlendo sakhala chabe. Amakhala ndi chitupa, kapepala kolimba kodindidwa, konena kuti ndiwe yani, wachokera kuti, ukukhaliranji m'tauni. Changa chinkati ndine mkazi wa aNgozo, ndipo chinkatha mphamvu chaka chikatha. Ukapanda kukachidinditsanso, apolisi akakupeza, lole yobwezera anthu kumalire idali yokonzeka. Ine kuwerenga ayi, koma tsiku lake sindinkaliphonya: mitengo ya maluwa obiriwira ngati buluu wochapira zovala ija ikayamba kuyoyola m'misewu, ndinkadziwa kuti chitupa chakalamba.

Zaka ziwiri zoyamba zidayenda bwino. Kalaliki wa pawindo adali mkulu wina wa ku Dedza. Ankangoti, "Mkazi wa aNgozo? Dindani chala apa, mayi." Chaka chachitatu tidapeza mkulu uja atapuma ntchito. Pampando pake padali mnyamata wa kwina, tayi pakhosi, ndipo kumbuyo kwake mzungu wofiira makutu. Lamulo lidali litasinthanso. Akazi ambiri ankabwereka amuna a eni tsiku la chitupa lokha, ndiye tsopano mwamuna ankamusiya panja pabwalo, mkazi n'kumufunsa yekha.

Ndidagwada pawindo paja monga mwa ulemu. Kalaliki adasuzumira.

"Imirirani mayi, sindikukuonani. Dzina la mwamuna wanu?"

"ANgozo."

"A Ngozo adzaza lokeshoni yonse. Dzina lake."

"Bambo a Esinati."

"Sindikufunsa za Esinati. Dzina limene lili pachitupa chake."

Ndidangoyang'ana pansi. Adafunsa kachiwiri, kachitatu. Kenaka adatembenukira kwa mzungu uja, adalankhula Chingerezi, onse awiri n'kupukusa mitu.

"Mkazi wosadziwa dzina la mwamuna wake ndi mkazi wobwereka," adatero kalaliki. "Chitupa chanu chikutha Lachisanu. Mukabwera nalo dzinalo, chabwino. Apo ayi, lole. Mwana atsala, iye adalembedwa kwa bambo ake."

Imvani pamenepo. Ine kumalire, Esinati ndi bambo ake ku Halale. Ndidayenda ulendo wonse uja kuti ndikabwerere kukafunda mabulangeti atatu?

Titafika kunyumba aNgozo adati, "Nachisale, litchuleni. Mwini wake ndine, ndakulolani."

"Inu sindikukuopani. Ndikuopa amayi anu."

"Amayi ali ku Kandeu. Adzamva bwanji?"

"Amayi anu amamva nkhuku ikuikira dzira kutsidya kwa mtsinje."

Mai Rudo atamva nkhaniyi adaseka mpaka misozi. Iye adati vuto ndi lilime losazolowera, lifunika kuliyesa monga amayesera nsapato yatsopano. Adatenga mtsuko wanga wa madzi, adaukhuthula, n'kundipatsa kuti ndizinong'onezamo. Ndiye Lachitatu lonse ndi Lachinayi ine mutu uli mumtsuko. Ndikati nditsegule pakamwa, lilime likuuma gwa. Lachinayi madzulo lidatuluka, kamawu kakang'ono ngati ka udzudzu, mtsuko n'kundibwezera. Ndidachita manyazi ndi mtsuko, ana inu! Ndidauvundikira ndi mbale.

Lachisanu tidalawirira. Mzere udali wautali, ndipo tsoka lake theka la anthuwo adali a kwathu konkuno, a ku Ntcheu, a ku Lizulu, a ku Dedza. Kumbuyo kwanga kwenikweni kudaima aZuze a pano pa Kandeu. AZuze ankagwira ntchito yosoka matumba a fodya, koma ntchito yawo yeniyeni idali kulemba makalata. Munthu akangopunthwa ku Halale, mwezi usanathe mudzi wonse kuno wadziwa chala chimene chatupa.

"Mwadzuka bwanji, Nachisale? Ndamva kuti lero kuli mayeso."

"Ndadzuka. Inu samalani zanu."

Nditafika pawindo ndidaika pakamwa pafupi ndi waya, n'kunong'ona monga mumtsuko muja.

"Mwati chiyani?"

Ndidanong'onanso.

"Mayi, kuno si kutchalitchi. Kwezani mawu!"

Mzungu uja adayang'ana wotchi yake, adagogoda tebulo ndi rula, kalaliki n'kuyamba kukankhira chitupa changa pambali. Ndidaona kapepala kaja kakupita, ndidaona lole, ndidaona Esinati akulira pakhomo la Mai Rudo. Ndidakoka mpweya monga timachitira poitana munthu ali kuphiri, n'kulifuula dzinalo, lonse, ndi la ubatizo lomwe.

Amayi a kwathu amene adali pamzere adagwira pakamwa. Mkulu wina wa ku Lizulu adavula chipewa ngati kwagwa maliro.

Kenaka panja tidamva, "Wawa bwana!"

Adali aNgozo. Dzina lija ku Halale ankalitchula ndi azungu a kuhotela okha, akafuna supu. Ndiye iwo atalimva pabwalo paja adadzambatuka, adakankha mlonda wa pakhomo, n'kulowa chothamanga, manja ali m'mbali ngati msilikali. Adayang'ana mzungu, mzungu sadawaitane. Adayang'ana kalaliki, iyenso ayi. Adatembenuka n'kuona ine, nsalu ndaphimba kumaso.

"Ndinu, Nachisale?"

"Ndine."

"Mawu onse aja?"

Anthu adaphulika kuseka. Mzungu adaseka mpaka makutu aja kufiira kawiri. Adalankhula kanthu, kalaliki n'kumasulira akupukuta misozi: "Bwana akuti mwamuna wothamanga chonchi akaitanidwa ndi wokwatira ndithu." Chidindo pha! Ndidaviika chala mu inki, ndidadinda, chitupa changa m'manja.

Potuluka aZuze adati, "Mwakhoza mayeso, Nachisale. Ndipereke moni kumudzi?" Ndidadziwa kuti zanga zada.

Tidakhalanso zaka zisanu. Kalaliki uja sadandifunsenso dzina. Akangondiona pamzere ankati, "Mayi a mawu aja, bwerani kutsogolo, musatigwetsere denga." Yohane, malume anu, adabadwira komweko. Koma mumtima mudali kamwala. Makalata ochokera kwa apongozi ankabwera, olembedwa ndi aphunzitsi, onena za mvula, za maliro, za ng'ombe yothyoka mwendo. Za dzina ayi, ngakhale liwu limodzi. Ine n'kumati, akusungira tsiku lobwera.

Miyendo ya aNgozo itayamba kutupa chifukwa choimirira pamoto, tidamanga katundu: njinga, makina osokera, ndi mtsuko uja, poti sindikadausiya kwa eni uli ndi chinsinsi changa. Titafika pa Boma iwo adatsalira kufuna ngolo yonyamula katundu, ine ndi ana tidatsogola.

Kwathu ndidakupeza kutachepa. Mtsinje umene ndinkauopa kuoloka, Yohane adaulumpha. Ana a m'njira ankatithawa, akuti kwabwera alendo ovala nsapato. Apongozi ndidawapeza pakhonde akusenda nyemba, maso aja a mphamba atachita khungu. Ndidavula nsapato, ndidagwada patali, ndidaomba m'manja.

"Ndani?"

"Ndine Nachisale, mayi."

"A Nachisale ndi ambiri. Mkazi wa yani?"

"Wa aNgozo."

"Mudzi uno ngwa a Ngozo okhaokha. Ine sindiona. Tchulani dzina la mwamuna wanu ndikudziweni."

Ha! Windo lija landitsata mpaka ku Kandeu. Amayi a m'mudzi adali atasonkhana kale, onse khutu tcheru. Ndidaweramitsa mutu.

"Pepani mayi. Limenelo sindingathe."

"Simungathe? Mwaliiwala?"

"Sindidaliiwale. Koma pano ayi. Ngakhale mundibweze."

Apongozi adaleka kusenda. Kenaka mapewa awo adayamba kugwedezeka, nyemba kumwazika, n'kufuula ndi kamawu kawo kokalamba: "Wawa bwana!"

Bwalo lonse lidagwa ndi phwete. Kani kalata ya aZuze idafika kalekale, aphunzitsi adaiwerenga katatu anthu akupempha kuti abwereze. Zaka zisanu ine ndikusenza manyazi ku Halale, kuno mwamuna aliyense mkazi wake akamuitana kudzadya ankayankha kuti wawa bwana.

Apongozi adandikoka dzanja, adandipapasa kumaso. "Bwerani kuno, mwana wanga. Tsiku limene ndidamva ndidakwiya mpaka dzuwa kulowa. M'mawa mwake ndidawerenga amayi a m'mudzi muno amene ana awo adapita osabwerako. Ulemu wanu mudauwononga kamodzi, pamalo oyenera, ndipo mwandibweretsera mwana wanga. Wotsalawo ndauona lero kuti mwabwera nawo."

Pamenepo ndidadziwa kuti kwathunso amafunsa chitupa, kungoti sichikhala cha pepala. Ku Halale adandilola kukhala chifukwa ndidalankhula. Kuno adandilandira chifukwa ndidatseka pakamwa.

Mufuna kudziwa za anthu aja? AZuze adabwerako atakalamba, adakwatira mkazi wolongolola kuposa iwo, ndipo sadapezenso mpata wonena za eni. Mai Rudo adanditumizirapo duku kamodzi kudzera mwa munthu, kenaka tidatayana. Ndikamafutsa khwanya ndimamukumbukira. Za kalaliki wa tayi uja sindidamvenso. Apongozi adakhala nafe mvula zinayi, ndipo adamwalira mwana wawo atawagwira dzanja. Mtsuko udasweka, adauswa ndi Yohane, chinsinsi n'kuuluka. Chitupa chija chilipo m'thumba la makina osokera, chala changa chikadali pomwepo.

ANgozo mudawaona nokha, adagona chaka cha dzana. Iwe wa pensulowe ndakuona, wasiya mpata papepalapo kuti ndikuuze dzina. Tseka mpatawo. Lidalembedwa pamtanda kumanda kuja, mudaphunzira sukulu, mukawerenge nokha. Koma muwerenge chamumtima. Munthu uja ndimamudziwa ine, akangolimva adzadzambatuka.