Dayimondi wa Achimwene Wapsa Pansi pa Mafuwa

Achimwene anga a Zuze analemera Lolemba, anasauka Lachisanu, ndipo pofika Loweruka analibe mkazi.

Ankakumba chitsime kudimba kwawo kufupi ndi dambo, m'dothi lakuda lomata lija. Atafika m'chiuno, khasu linagunda timiyala tong'azima, toonekera mkati ngati galasi. Munthu wamkulu anasuzumira uku ndi uku, n'kudzaza chitini cha mkaka. Mumtima mwake nkhani inali itatha kale: dayimondi.

Anauza ndani? Palibe. Ngakhale alamu anga a Joakina, amene akhala nawo zaka zoposa makumi awiri, sanamve kanthu. Anadikira kuti alamu apite kumjigo, n'kukumba pakati pa mafuwa, kukwirira chitini chija, phulusa pamwamba. Ndi nzeru ya makolo imeneyo. Wakuba amafufuza pansi pa mphasa ndi kudenga, koma sapisa dzanja pamoto.

Alamu, osadziwa kuti akwatiwa ndi mpondamatiki, anasonkha moto masiku anayi pamwamba pa chumacho. Tsiku lina anaphikapo nyemba zouma, zija zosapsa msanga.

Lachisanu achimwene anafukula chitini. Chivindikiro chili bwinobwino, koma mkati muli zoyera mbuu, zofumbutuka ukazigwira. Ndiye anakaima pabwalo, anthu akumva, n'kunena kuti mkazi wawo waba miyala n'kuikamo laimu, ndipo ngati sanabe ndiye kuti wailodza. Alamu anangofunsa kuti, "Miyala yake iti?" Atatero anamanga nsalu zawo, ulendo kwawo ku Marka.

Ine ndinafika Loweruka masana. Ndinawapeza pakhonde atagwira tsaya, chitini chili pamiyendo.

"Achimwene, palibe wotsala?"

Anatulutsa umodzi m'thumba la malaya, umene ankayenda nawo kuti aziusisita. Ndinaukanda ndi chikhadabo, pakhala mzere.

"Dayimondi amadula galasi," ndinatero. "Uyu wagonja kwa chikhadabo changa, chomwe chimalephera kusenda lalanje."

"Nkhabe," anakana m'Chisena, monga amachitira akapanikizika. "Ndi wanthete ameneyo. Sanakhwime."

Ndinaugawa pakati. Theka ndinaliika pachivindikiro, pamoto, n'kulivindikira ndi tambula. Pasanapite nthawi m'tambula munachita nthunzi, mwala n'kuyamba kuyera, kenaka wafanana ndi zam'chitini zija. Achimwene anayang'ana moto, anayang'ana chitini, n'kufunsa motsitsa mawu ngati ndikudziwa nthawi yomwe galimoto za ku Marka zimanyamuka.

Mwalawu dzina lake ndi jipisamu. Umamera m'dothi la madambo, kumene madzi amadikha n'kuuma ndi dzuwa chaka ndi chaka, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa. Uli ndi madzi mkati mwake ngakhale ukuoneka wouma. Moto ukathamangitsa madziwo, chotsala ndi ufa woyera. Ufawo mukauthira madzi umalimbanso, n'chifukwa chake kuchipatala amamangira chikhakha munthu akathyoka mwendo. Si mwala wachabe ayi, koma chitini chimodzi sichingakugulireni ngakhale belu la njinga.

Musandione ngati wanzeru. Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito ndi okumba mijigo, ndipo tsiku loyamba kuuona ndinaubisa m'sokosi. Ndinayenda motsimphina mpaka madzulo. Kapitawo ndiye anandivula nsapato, n'kundiphunzitsa za chikhadabo, anzanga akugubuduka ndi phwete.

Safunsa anadya phula, tonse timaudziwa mwambiwu. Koma kuno kwathu tikatola chong'azima sitifunsa, poopa kuti wofunsidwayo atilanda. Timabisa, chinthu n'kuonongekera m'manja mwathu. Zimenezo n'zoseketsa chabe. Chomwe chimandipweteka ndi chotsatira chake. Chinthu chikatizunguza mutu, sitinena kuti "sindikumvetsa." Timatembenuka n'kuloza munthu amene ali pafupi, ndipo nthawi zambiri amakhala mayi amene watiphikira. Mbuzi yafa, ndi apongozi. Chitowe sichinabereke, ndi azakhali. Mwala wapsa pamoto titaubisa tokha, ndi mkazi.

Lamulungu tinapita ku Marka ndi theka lotsala lija. Achimwene anagwada pamaso pa ankhoswe ndi apongozi, anakanda mwala, anauwotcha pachivindikiro chija, anafotokoza zonse ngati mphunzitsi wa sayansi. Anapepesa bwino ndithu.

Alamu anaonerera mpaka mwala unayera. Kenaka anati, "Zaoneka, bambo. Koma kuno palibe amene ananditcha wakuba kapena mfiti. Mukachite zimenezi pabwalo pomwe munaima paja, muitane onse amene anamva. Akadzandiuza kuti mwatero, ndibwera ndekha."

Achimwene anayang'ana pachivindikiro. Mwala womaliza unali utapsa.

Pamene ndikulemba pano, munthu wamkulu ali m'chitsime mpaka m'khosi, matope thupi lonse, kufunafuna kamwala kamene akudziwa kuti sikagula kanthu. Akuti sanakumbepo ndi mtima wonse chonchi.

Nanga inu amene munanyoza munthu pagulu n'kukamupepesa kuseri kwa nyumba, khasu lanu mulitenga liti?