Udzu wa m'Chithunzi

"Amake mwana, kodi mzungu wogona m'malere pakhoma panuyu ndi m'bale wanu?"

Anandifunsa choncho ndi aneba anga a m'komboni mwathu mwa Chowa, mayi wa Chibemba amene ankavala chitenje cha chipani ngakhale popita kumpope. Anabwera kudzapala moto, koma maso awo anakakamira pakhoma. Masiku amenewo malo abwino a pakhoma ankakhala a chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko. Kwathu chinalipo ndithu, chaching'ono, pamwamba pa chitseko. Koma pakhoma lalikulu panali mzungu wa tsitsi lakuda, thupi lonse lili mumlengalenga chogona ngati munthu wosambira, mphumi itangomenya mpira.

"Si wanga," ndinayankha. "Ndi wa bambo ake mwana."

"M'bale wawo? Iii, munakwatiwa pabwino, mukwai. Muwauze atitumizireko sopo, kuno wasowa."

Tinaseka, iwo n'kunyamula khala lawo paphale. Koma funso lawo silinali lopusa. Mzungu ameneyo tinakhala naye m'nyumba zaka zambiri kuposa m'bale aliyense.

Amuna anga ankakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Bambo awo, monganso bambo anga, anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito mumgodi, ndipo ife tinabadwira mom'muno mu Kabwe. Loweruka ndi Lamlungu amuna angawo ankasewera mpira kutsogolo mu timu ya m'komboni mwathu. Anali munthu wowonda, wa khosi lalitali, wosalankhula zambiri pagulu. Akamabwera kunyumba ankaimba likhweru akangofika pakona ya njira yathu, ndipo mwana kumbuyo kwangaku ankayamba kupalasa timiyendo asanawaone n'komwe.

Chithunzicho anawapatsa ndi wansembe wina wa ku seminale ya Mpima, mzungu wa ku Spain, amene ankabweretsa njinga yake kuti aikonze. Mlongo wake ankamutumizira magazini a mpira a kwawo. Magaziniwo ankabwera pa sitima ya pamadzi, n'kudzakweranso sitima ya pamtunda, kotero ankafika atakalamba miyezi yambiri. Wansembeyo akawerenga ankawasiya pamtengo paja, n'kukhala pa chitini kumasulira zolembedwa pansi pa zithunzi pamene amuna anga ankamata chubu. Madzulo dzuwa lisanalowe, ine ndikuanula zovala, nkhani zonsezo zinkafika kwa ine.

Ndi mmene ndinadziwira moyo wa munthu amene sindinamuonepo, mzungu wa pakhoma uja. Anakulira kumpoto kwa dziko lawo, m'tauni ya utsi ndi zitsulo, kumene mvula imagwa ngakhale m'miyezi imene kuno timaumba njerwa. Anayambira ku timu ya kwawo komweko, yosatchuka kwenikweni. Timuyo inatsika mu ligi, iye sanaithawe, anaikweza ndi zigoli zake. Kenaka anamuitana ku timu ya dziko. Patapita zaka timu yaikulu ya mumzinda wa m'mbali mwa nyanja inamugula, ndipo m'bwalo lake akuti munkalowa anthu ngati tauni yathunthu.

Amuna anga ankasangalala mochedwa. Ankalowa pabwalo la nyumba akukuwa kuti mzungu wathu wamwetsa ziwiri, pamene zigolizo zinalowa ife tisanabzale chimanga chimene tinali kukazinga tsiku limenelo.

"Abambo," ndinkatero, "mwina pano munthuyo akudwala malungo, inu mukuvina."

"Kulibe udzudzu kumeneko, amake mwana. Ndisiyeni ndivine."

Ine mpira sindinkaudziwa bwino. Ndinasiyira sukulu ku pulayimale, ndipo chimene ndinkadziwa ndi kuchapa. Choncho pamene iwo ankayang'ana khosi la mzunguyo ndi mmene anapindira msana, ine ndinkayang'ana kabudula wake. Pachiuno panali banga lobiriwira, masokosi anali ndi matope, koma mawondo anali osalala, opanda chipsera n'chimodzi chomwe. Pansi pake panali udzu wothithikana wonyezimira madzi. Masana mwana akagona ndinkaima pamenepo n'kumaganiza za mkazi wake. Ndinkamuona ataima pa sinki, madzi akutuluka okha m'khoma, akutikita banga lobiriwira lija mosafulumira, mvula ikutsetsereka pagalasi. Ndinkamufunsa mumtima kuti, mnzanga, banga la udzu umalichotsa ndi chiyani? Nthawi zina ndinkaona ngati wandiyankha.

Zovala za amuna anga sizinkabwera ndi banga lotere. Bwalo lathu la mpira linali kufupi ndi chulu chakuda cha zinyalala za mumgodi. Udzu unkamera m'makona mokha. Pakati ponse panali gwaa, fumbi lotuwa losakanizika ndi timiyala takuthwa. Akabwera ku mpira ndinkawakhazika pampando, n'kutenthetsa madzi a mchere, n'kumachotsa timiyala m'mawondo ndi phini wa thewera. Iwo ankaluma mano n'kumayang'ana khoma.

"Tsiku lina ndidzauluka chonchija," ankatero.

Chaka china, dzinja, wansembe uja anawaitana kuti azikasewera ndi anyamata ophunzira unsembe ku Mpima. Bwalo la kumeneko linali m'mbali mwa dambo, udzu wake wofewa ngati wa m'chithunzi. Kumeneko ndi kumene anaphunzirira kuuluka. Mpira ukamabwera chapansi, m'malo moutchera mwendo ankadziponya chamutu, n'kuumenya ndi mphumi, thupi n'kutsetsereka pa udzu wonyowa mpaka kukalowa nawo m'golo. Tsiku loyamba anabwera ndi kabudula wobiriwira pachiuno. Ndinamununkhiza. Ankanunkha dambo ndi mvula. Sindinamuchape tsiku limenelo, ndinamupachika pamsomali pafupi ndi chithunzi, ndipo m'nyumba monse munkamveka ngati tasamukira kwina.

Mvula itatha, nyengo yozizira, kunachitika mpikisano wa mpira wa maiko onse kwawo kwa mzunguyo. Amuna anga ankapalasa njinga mpaka ku Mukobeko, kwa mnzawo wolondera akaidi amene anali ndi wailesi ya kanema. Kumeneko anamuona mzunguyo koyamba akuyenda, munthu amene ankamudziwa atangoima papepala. Atabwera ndinawachingamira pakhomo.

"Nanga wauluka?" ndinafunsa.

"Sanamupatse mpata wokwanira. Nthawi yambiri anali pa benchi, atapinda manja ngati munthu wodikira basi." Kenaka anati, "Wayamba kukula, amake mwana. Munthu ukapeza mpata usamausunge."

Mpata wawo unabwera mu Okutobala. Kunamveka kuti anthu a timu ya kampani ina ya ku Kitwe abwera kudzaonera masewera athu a Lamlungu, akufuna wosewera kutsogolo. Nthawi imeneyo timu yotere ikakutenga inkakupatsanso ntchito pakampanipo ndi nyumba. Nyumba ya magetsi, ya mpope m'kati. Ine ndinkadzuka m'mamawa kukaima pamzere wa madzi mwana ali kumbuyo, ndiye musandifunse chimene ndinalota sabata imeneyo. Ndinalota sinki. Ndinalota ndikutsegula mpope n'kuusiya ukutuluka pang'ono, kungofuna kumva phokoso lake.

Koma ndinkaonanso pansi. Dzuwa la mwezi umenewo linali litaotcha bwalo mpaka kung'ambika ming'alu. Nkhuku zinkayenda zitayasama.

"Abambo," ndinatero Lachisanu ndikusita jezi, "pansi pauma. Mumwetse ndi mwendo."

"Omwetsa ndi mwendo ku Kitwe adzaza basi, amake mwana. Anthuwa akufuna aone chimene sanachionepo."

"Mzungu wanuyu amagwera pa udzu."

"Nanenso ndidzagwera pa udzu. Ku Kitwe amathirira bwalo ndi paipi. Ndingogwa kamodzi kokha pano, basi."

Sankanama. Omwetsa ndi mwendo analidi ambiri. Sindinalimbane nawo. Ndinatenga bulangete lathu lakale, n'kudulako chigamba chokhuthala, n'kuchisokerera m'kati mwa kabudula. Ndinayang'ana pachithunzi kuti ndione pamene banga lobiriwira linali, pachiuno cha kumanja, ndipo ndinasokerera pomwepo. Iwo atavala anazungulira m'nyumba akugwedeza chiuno.

"Mwandisandutsa pilo," anatero. "Atsikana a ku Kitwe adzandithawa."

"Ndi chimene ndasokera."

Lamlungu ndinapita ndi aneba anga aja, mwana kumbuyo, ambulera kumanja. Anthu anali atazungulira bwalo lonse, ena atakwera pa chulu chakuda. Alendo a ku Kitwe anawaikira mipando pamthunzi, amuna awiri a malaya oyera. Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Amuna anga anaphonya kamodzi ndi mwendo, mpira n'kupita kumwamba.

"Iwe wa njinga!" anakuwa bambo wina kumbuyo kwathu. "Wapopa kwambiri, uphulika!"

Aneba anga anatembenuka. "Tsekani pakamwa, tata. Inu ngakhale nkhuku simungaithamangitse ndi mimba imeneyo. Ameneyo ali ndi m'bale wake ku Ulaya!"

Chigawo chachiwiri chili pakati, mnzawo wa kumbali anathamanga ndi mpira mpaka pafupi ndi kona, n'kuubweza pakati chapansi, msinkhu wa m'mawondo. Ndinaona amuna anga akuchoka kumbuyo kwa wotchinga. Ndinadziwa asanadumphe, chifukwa anatambasula khosi monga ankachitira akamayang'ana khoma.

Anauluka. Mpaka lero ndikatseka maso ndimawaona ali pamenepo, chogona mumlengalenga, manja kumbuyo, dzuwa likuwala pamphumi. Phokoso lonse linazima m'makutu mwanga. Ndinaona ngati fumbi lasanduka udzu, ngati kukuwaza kamvula, ngati mkazi wa ku sinki uja waima pambali panga tikuonera limodzi. Chithunzi chathu chinali chitatsika pakhoma. Mpira unalowa pakona ya golo, wapagolo osasuntha n'phazi lomwe.

Chimene tonse awiri sitinachiganize ndi ichi: pa udzu wonyowa thupi limatsetsereka, n'chifukwa chake banga limakhala pachiuno. Pa nthaka youma thupi silitsetsereka. Limaima pamene lagwera. Anagwera phewa ndi kamwa, miyendo n'kubwera pamwamba. Chigamba changa sichinakhudze pansi n'komwe.

Anthu anathamangira m'bwalo akuvina, osadziwa. Ine ndinaona kuti sakudzuka. Ndinapatsa aneba mwana n'kudutsa pakati pa anthuwo. Ndinawapeza atakhala tsonga, dzanja lamanja likulendewera, magazi ndi fumbi zitadzaza m'kamwa. Anandiyang'ana n'kufunsa mosamveka bwino, "Chalowa?"

"Chalowa, abambo."

Alendo aja anabwera kudzawaona tisanawakweze pa galimoto ya makala yopita kuchipatala. Wamkuluyo anavula chipewa, n'kunena kuti chigoli chotere sanachionepo, akachira abwere ku Kitwe. Ankanena zoona, ndikukhulupirira. Koma timu siidikira phewa. Fupa la pakhosi linalumikizana, koma phewalo linkaguluka munthu akangowagunda. Pofika dzinja lotsatira tinamva kuti anatenga wina wa ku Ndola, womwetsa ndi mwendo.

Anayesanso kusewera m'komboni. Ndinkapita kukaonera. Mpira ukabwera chapansi ndinkaona khosi likutambasuka, kenaka likubwerera lokha. Thupi linali litaphunzira kuopa pansi. Tsiku lina anabwera, n'kupachika nsapato za mpira pamsomali, n'kupempha madzi osamba.

Wansembe uja asanabwerere kwawo anafika kunyumba ndi magazini omaliza. Anakhala pampando umene ndinkachotserapo timiyala, n'kutiuza kuti mzungu wathu wachoka ku timu yaikulu ija, wabwerera ku timu ya kwawo kumene anayambira, kuti akamalizire komweko. Panali chithunzi chake akukweza manja kwa anthu, tsitsi litayamba kuchepa. Amuna anga anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Wabwerera kwawo," anatero. "Ine ndiye sindinachoke n'komwe. Ndamupitirira."

Wansembeyo anaseka, ifenso tinaseka. Amuna anga anaseka atatseka pakamwa ndi dzanja, monga anazolowera kuchokera tsiku lija.

Chithunzi sitinachichotse. Chinafuwirira ndi utsi wa mbaula mpaka udzu uja unasanduka wotuwa ngati wa kwathu konkuno. Aneba anga akabwera ankachipatsa moni, "Muli shani, alamu," n'kufunsa za sopo wawo. Ine ndinapitiriza kudzuka m'mamawa kupita kumpope, ndipo pamzerepo nthawi zina ndinkalankhulabe ndi mkazi wa ku sinki uja, kumufunsa ngati nayenso mwamuna wake amadzuka ndi thupi lowawa kukazizira.

Chigoli chija anthu akale a ku Chowa amachikumbukirabe. Chimene chinapita nacho ndi ichi: malo mu timu ya ku Kitwe, ntchito yake, nyumba ya mpope m'kati, phewa lamanja limene silinakwezenso chidebe kufika pamutu panga, ngodya ya bulangete, ndi mano awiri akutsogolo. Ndi manowo linapitanso likhweru la pakona.