Pakamwa pa mng'ono wanga

Konsultoriyo yanga ya mano ili kuseri kwa msika wa ku Ulongwe, ndipo kwa zaka zambiri chikwangwani chapakhomo chinali chokwanira. Odwala atayamba kuchepa, mayi wina amene timapemphera limodzi, mphunzitsi wa za makompyuta ku sekundariya, anadzipereka kundikonzera pajina ya pa intaneti kuti anthu a ku Dedza ndi ku Tete adziwe kuti ndilipo.

"Adotora, anthu sawerenga madipuloma," anatero. "Amafuna kuona mano. Mundipatse mafoto a ntchito yanu."

Ndinakana, pakuti nkhope ya wodwala si katundu wa pamsika. Iwo anaseka.

"Nkhope tidula, patsale pakamwa pokha. Ndani angadziwe munthu ndi pakamwa?"

Ndinawapatsa mafoto onse. Patapita sabata anabwera ndi kompyuta yawo. Pamwamba penipeni pa pajinayo panali pakamwa pa munthu akumwetulira, ndipo ndinapazindikira ndisanakhale n'komwe pansi. Anali mng'ono wanga, amene tinali titamuika m'manda ku Lifidzi chaka chimodzi m'mbuyomo. Dzino lake lakutsogolo linabenthuka tili ana, atagwera pamwala pamene tinkathawa nkhondo kupita ku Malawi. Anakula akuphimba pakamwa ndi dzanja poseka, kufikira ine nditamaliza maphunziro n'kulikonza. Sindinagwirepo ntchito ina yoposa imeneyo. N'chifukwa chake ndinalola kuti fotoyo ikhale pomwepo.

Odwala anayambadi kubwera. Koma Lamlungu lina nditapita ku Lifidzi, ndinapeza amayi akupeta nyemba, ndipo sanandilonjere. Mpongozi wawo anali atawaonetsa pajinayo pa foni, poganiza kuti anyadira.

"Iwe, maliro a mng'ono wako tinameta kapena sitinamete?"

"Tinameta, amayi."

"Nsalu zake tinagawa. Tinamuuza kuti apite akapume. Ndiye iwe wakamudzutsa, wamuimika pakhomo pako kuti azisekerera alendo?"

"Nkhope sikuoneka, amayi. Palibe amene angamudziwe."

"Pakamwa pamenepo panayamwa bere langa."

Anati chionereni fotoyo mtima wawo sunakhale pansi, ndipo sudzakhala kufikira mwana wawo atabwerera kumene tinamuperekeza.

M'mawa mwake ndinapita kwa aphunzitsi aja. Fotoyo anaichotsa ine ndikuona, kenaka anati, "Pa pajina yachoka. Koma amene anaisunga m'mafoni mwawo, kumeneko dzanja langa silifikako."

Amayi ndinawauza mawu oyambawo. Otsirizawo ndinawasunga.

Mwezi wathawu mayi wina wogulitsa nsalu ku Kalomwe anakhala pampando wanga, n'kutulutsa foni m'chikwama.

"Adotora, mano anga akhale ngati awa."

Mng'ono wanga anali akumwetulira m'dzanja la mlendo. Ndinawapempha mayiwo kuti afufute fotoyo ndisanayambe ntchito. Anaifufuta modabwa, n'kunena kuti anawatumizira ndi alamu awo, amene anatumiziranso amayi onse a m'gulu lawo la kwaya. Ndinasamba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene ntchito imafunira.

Lamlungu lililonse amayi amandifunsa ngati mwana wawo akupuma tsopano. Ine ndinaleredwa ku misiyoni, ndipo ana anga omwe ndinkawalanga akanena bodza. Ndimayankha kuti inde, akupuma.