Mawu Anga pa Galimoto ya Kampeni

Ndinabwera ku Mzimba kuchokera kwathu ku Dedza nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi. Ananditumiza kusukulu ina ya pulayimale pa Boma pomwepo, ndipo ndinakhala zaka zingapo ndikuphunzitsa Sitandade 4. Chitumbuka ndinkachimva bwinobwino, koma ndikati ndiyankhule ndinkangophotchola, moti ana ankabisa nkhope m'makope kuti ndisaone kuti akuseka. Chimene chinandipezera anzanga chinali kuimba. Ndinalowa kwaya ya kutchalitchi, ndipo pasanapite nthawi anandisankha kuti ndiziyambitsa nyimbo.

Chaka china tinagwirizana zojambula nyimbo zathu. Kuseri kwa msika kunali bambo wina amene ankatchajitsa mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemore khadi. Mkati mwa shopu yakeyo munali kachipinda kojambulira, makoma ake omata ndi matileyi a mazira. Tinkalowamo anayianayi chifukwa cha kuchepa kwa malo. Titamaliza, bamboyo anandipempha kuti nditsale ndiimbenso nyimbo zonse ndekha, popanda kiyibodi kapena ng'oma. Anati akufuna kuti mawu otsogolera amveke bwino. Ndinaimba, n'kumwa madzi, n'kubwerera kunyumba. Sindinaganizire china chilichonse.

Patapita miyezi yambiri, nyengo ya kampeni inafika. Loweruka lina m'mawa ndinali pa kabaza kuchokera kumsika, dengu la tomato ndi kabichi lili pamiyendo. Kutsogolo kwathu kunkayenda galimoto ya zimkuzamawu, anthu ovala nsalu za chipani atadzaza kumbuyo. Choyamba kuzindikira chinali chuni. Chinali cha nyimbo imene ndinapeka ndekha, yopempha Mulungu kuti atisunge paulendo. Ndinaganiza kuti wina wangotibera chunicho. Kenako woimbayo anakweza mawu, ndipo kumapeto kwa mzere ananjenjemera pang'ono, monga momwe mawu anga amachitira kuyambira ndili mtsikana. Ndinamvanso pamene anakokera mpweya. Ndinali ine. Ndinkaimba m'Chitumbuka chosalala, chopanda kuphotchola, ndikuuza anthu kuti akavotere bambo wina amene ankafuna uphungu, munthu amene sindinayambe ndamugwirapo chanza.

"Taimani kaye, achimwene," ndinauza wakabaza.

"Mwaiwala kanthu, amama?"

"Nyimbo iyi ndi ya ndani?"

"Ya abwana akufuna uphunguwa. Yatchuka chomene. Akuti akuimbayo ndi mphunzitsi wa pa Boma pompano."

Ndinatsika, n'kumulipira, n'kuyenda wapansi mtunda wotsalawo. Nditafika kunyumba ndinakhala pampando dengu lili m'manja kwa nthawi yaitali. Ndinafika podzifunsa ngati linalipo tsiku limene ndinaimba zimenezi n'kuiwala.

Lolemba, belu la buleki litangolira, ahedi anandiitanitsa. Anali mayi wachikulire wa konko ku Mzimba, wosakonda zolankhulalankhula, ndipo tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Anatseka chitseko, n'kuika foni yawo patebulo, n'kuiyatsa. Tinamvetsera ndime imodzi yonse osayang'anana.

"Madamu, lamulo mukulidziwa," anatero. "Wogwira ntchito m'boma sachita ndale poyera. Ku ofesi ya maphunziro andiimbira. A chipani china akadandaula kumeneko."

"Si ine, ahedi."

"Ndakhala ndikukumvani Lamulungu lililonse zaka zonsezi. Mawu anu sindingawasokoneze ndi a munthu wina."

"Mawuwo ndi anga, koma sindinaimbe. Inunso mukudziwa mmene ndimayankhulira Chitumbuka."

Kenako anati, "Munthu akafuna, amaphunzira pamtima. Lembani kalata yofotokoza, ifike pano pofika Lachisanu. Chimene angagamule kumeneko sindikuchidziwa."

Nditatuluka, ana ankaimba nyimbo ija pabwalo, ena akundiyang'ana ndi kumwetulira. M'chipinda cha aphunzitsi nkhani inaduka nditangolowa. Mnzanga amene tinkagawana tiyi tsiku lililonse ananyamula kapu yake n'kukamwera panja.

Titaweruka ndinalunjika kuseri kwa msika. Ndinamupeza bambo uja akudya chimanga chootcha, mafoni ali ndandanda pa shelefu.

"Yewo, aphunzitsi, lowani," anatero mosangalala. "Mwaimva? Yatuluka bwino, eti?"

Ndinali nditakonzekera kuti akana. Anandilowetsa m'kachipinda kaja, n'kukhala pa kompyuta, n'kupukuta zala pa thalauza.

"Onani," anatero. Analemba mawu akuti aphunzitsi abwera, akwiya. Anadina, tinadikira pang'ono, ndipo m'masipika munatuluka mawu anga akuimba zimenezo, mokoma, ngati nyimbo ya pa Khirisimasi. Pakamwa panga panali potseka. Ndinadzigwira pakhosi. Ndinakhala pa kireti ya zakumwa imene inali pakona.

"Kompyuta inaphunzira mawu anu tsiku lija munaimba nokha," anafotokoza. "Mbwenu basi, chilichonse ndingalembe imaimba. Chichewa, Chitumbuka, Chingerezi."

"Munandipempha?"

"Ine ndimaona ngati mukondwera. Dzina lanu sindinatchule paliponse."

"Ntchito yanga ili pachiswe chifukwa cha inu. Tiyeni mukawauze ahedi zimene mwandiuzazi."

Apa nkhope yake inasintha. Anatseka kompyuta ija. "Ndapota, aphunzitsi, musanditchule. Amene anandituma aja si anthu osewera nawo. Zisankho zikatha anthu aiwala."

Ndinatuluka osatsanzika.

Lachinayi la sabata yomweyo kwaya yathu inapita kumaliro a bambo ake a mnzathu wina, kumudzi wina kufupi ndi Champhira. Ahedi anandilola kupita. M'minibasi anthu ankacheza motsitsa mawu, ndipo mayi wina amene ankakhala nane pafupi nthawi zonse tsikulo anakhala kumbuyo. Titafika pa Champhira tinaima kuti tigule shuga ndi mchere wopita nazo kusiwa. Ndinalowa m'golosale ndi mkulu wa kwaya, bambo wosoka zovala, wofatsa, amene sabata yonseyo sanandifunse kanthu.

Pakhonde la golosaleyo panali sipika, ndipo inkaimba. Chuni chinali cha nyimbo yathu ina, ya kukolola. Mawu anali anganso. Koma tsopano ndinkatamanda chipani china chija, chimene chinakandineneza ku ofesi, ndipo a chipani choyamba ndinkawatchula kuti akuba, odya okha, oyenera kuthamangitsidwa. Panali mawu ena achipongwe amene sindinawatulutsepo pakamwa panga chibadwire.

Mkulu wa kwaya anaima paketi ya shuga ili m'manja. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana sipika, n'kundiyang'ananso.

"Aphunzitsi," anatero chapansipansi, "ndikhululukireni. Ndimaganiza kuti yoyamba ija munaimbadi."

Anapempha mwini golosale kuti atitumizire nyimboyo pa foni. Mwiniwakeyo anatumiza akuseka, nati makasitomala amaikonda.

Kumaliro, atanyamula bokosi, mkulu wa kwaya anandikodola kuti ndiyambitse nyimbo monga mwa nthawi zonse. Ndinayamba mzere woyamba. Amuna ena amene anali kutsogolo anacheuka, wina anagunda mnzake ndi chigongono, azimayi awiri ananong'onezana. Anali atawazindikira mawuwo. Mzere wachiwiri sunatuluke. Mayi wina anailanda nyimboyo, ine n'kumangoyenda pakati pa anthu mpaka kumanda, chitenje ndili nacho kukamwa.

Lachisanu m'mawa ndinalowa mu ofesi ya ahedi ndilibe kalata. Ndinaika foni yanga patebulo n'kuyatsa nyimbo ya ku Champhira. Anamvetsera mpaka kumapeto. Atafika pa mawu achipongwe aja anavula magalasi. Ndinawafotokozera zonse zimene ndinaona m'kachipinda kaja. Anangotenga chikwama chawo, n'kuuza achiwiri awo kuti ayang'anire sukulu.

"Tiyeni," anatero.

Tinadzera kwa mkulu wa kwaya, nayenso anasiya makina osokera n'kutitsatira. Bambo wojambula uja atationa atatu anaimirira. Ahedi sanakweze mawu. Anayankhula naye m'Chitumbuka, pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana kuwerenga. Anamuuza kuti ali ndi nyimbo zonse ziwiri pa foni, ndipo akachoka pamenepo apita ku maofesi a zipani zonse ziwiri, aliyense akamve nyimbo imene anapangira mnzake. Kapena alembe kalata yonena zoona, asayine, ipite ku ofesi ya maphunziro yokha.

Bamboyo anang'amba pepala m'kope n'kulemba. Atamaliza, ndinamuuza kuti afufute mawu anga tikuona. Atatsegula kompyuta, tinaona kuti sindinali ndekha. Munali mayina a anthu ambiri amene anajambulirapo m'kachipindako, oimba a makwaya ena, ngakhale mlaliki wina. Mkulu wa kwaya anaona dzina lake, nati alidine. Tinamva mawu ake okhuthala aja akutsatsa mankhwala azitsamba a mphamvu za abambo. Munthu wamkuluyo anangogwira chitseko.

Wojambula uja anafufuta zonse. Koma iye mwini anatiuza kuti nyimbozo zili kale m'mafoni ndi m'mamemore khadi a anthu osawerengeka, sangazibweze.

Ku ofesi ya maphunziro, bwana amene anatilandira anawerenga kalatayo kawiri, n'kumvetsera nyimbo zonse. Poyamba anaseka, kenako anasiya, n'kufunsa ngati zimenezi zingachitikire munthu aliyense amene mawu ake anajambulidwapo. Ahedi anati zikuoneka choncho. Sanandipatse chilango. Anangondilangiza kuti ndisakajambulitsenso mawu anga mpaka zisankho zitadutsa. Nyimbozo zinapitiriza kulira m'misika ndi m'maminibasi mpaka tsiku lovota. Ena anakhulupirira zimene ahedi anafotokoza kutchalitchi, ena mpaka lero amati ndinadya kuwiri. Kwaya ndinkapitabe, koma ndinkaima mzere wakumbuyo, osayambitsanso nyimbo. Shopu ija inatsekedwa patapita miyezi ingapo, ndipo ndinamva kuti mwiniwake anasamukira ku Mzuzu.

Pa tchuthi chotsatira ndinapita kwathu ku Dedza. Za nkhaniyi sindinawauze amayi, poopa kuwadetsa nkhawa. Tsiku lachiwiri masana tinakhala pakhonde tikusankha nyemba, iwo n'kutulutsa kafoni kawo m'thumba la diresi.

"Msuweni wako wa ku Kasungu ananditumizira," anatero akumwetulira. "Ndinawamvetsa azimayi onse a kutchalitchi. Ndinawauza kuti mwana wanga tsopano akutamanda Mulungu m'Chitumbuka."

Inali nyimbo yoyamba ija, ya pagalimoto. Amayi Chitumbuka sachimva n'komwe. Anati amaiyatsa m'mawa uliwonse akamasesa pabwalo, chifukwa akaimva amakhala ngati ndili pakhomo.

Ndinaika lichero pansi n'kuwauza zonse, kuyambira tsiku la kabaza. Ndinawamasulira mawu a nyimboyo mzere ndi mzere. Anamvetsera manja ali pamiyendo.

"Ndiye amene ndakhala ndikumumvera masiku onsewa ndi ndani?" anafunsa.

"Palibe, amayi. Ndi makina."

"Koma akupuma ngati iwe."

Anaiyang'ana foniyo kwa kanthawi, kenako anandipatsa kuti ndichotsemo nyimboyo. Nditachotsa anaibweza m'thumba, n'kusendeza mpando wawo pafupi ndi ine.

"Taimba pompano," anatero. "Ndikuone pakamwa."

Ndinaimba nyimbo ya Sande sukulu imene anandiphunzitsa ndili wamng'ono. Mawu anali osasa chifukwa chokhalitsa osayambitsa nyimbo, ndipo ndime yachiwiri ndinaiwala mzere umodzi, iwo n'kundikumbutsa. Anandiyang'anitsitsa milomo mpaka ndinamaliza, kenako anatola lichero n'kupitiriza kusankha nyemba.