Kabati ya Tayiga

Ndikukumbukira kabati yobiriwira imene inaima m'nyumba mwathu kumalaini a antchito, pa esiteti ina ya tiyi kumunsi kwa phiri la Mulanje. Mpaka lero ndikamva fungo la penti wamafuta kumaso kumanditentha, ngakhale kuti ndine mayi wamkulu wa ana anga.

Abambo ankagwira ntchito yochapa ndi kusita zovala kunyumba kwa amanejala, pamwamba pa kamtunda. Tsiku lina amayi anandituma kuti ndikawapatsire chinangwa chophika, ndipo mlonda anandilowetsa cha kuseri. Zimene ndinaona kumeneko zinandizunguza mutu. Zovala zinali ndi chipinda chakechake! Chinali ndi windo lalikulu, mpopi, tebulo lositirapo, ndipo munkanunkhira sopo ndi nsalu yotentha. Kwathu tonse tinkapanikizana m'zipinda ziwiri, koma kuno malaya ankagona okha. Pakona panali kabati yakale ya waya kutsogolo, chogwirira chake chachitsulo chopindika ngati nyemba. M'katimo munali mbale zodyera galu, burashi yake, ndi mankhwala a nkhupakupa. Galuyo dzina lake anali Tayiga, ndipo anali wonenepa kuposa ine.

Amayi anga anali munthu wosafuna zopatsidwa. Anawoloka malire kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali mtsikana, ndipo anakula akuvala zolandira, anzawo akuwaloza chala kuti diresi lawo ndi lapamzere. Chilonda chimenecho sichinapole. Abambo akabwera ndi malaya akale a abwana, amayi ankawabweza nawo m'mawa mwake. Ankati nkhondo inatha, zolandira zinathanso. Koma kabati ankaifuna ndi mtima wonse. Makapu awo abwino, a maluwa ofiira, ankakhala m'dengu kunsi kwa bedi, ndipo mwezi sunkatha osawakumbutsa abambo kuti nyumba yopanda kabati ndi msasa.

Loweruka lina masana abambo anatulukira akukankha njinga, thukuta lili kamukamu, kumbuyo atamangirira kabati yobiriwira ngati masamba a tiyi. Inali ndi galasi kutsogolo, penti akadanunkha. Anauza amayi kuti anaikhometsa kwa kalipentala wa ku Chinakanaka. Amayi analulutira mpaka nkhuku zinabalalika. Ine ndinathamanga kukaigwira, ndipo dzanja langa linagwera pa chogwirira chija chopindika ngati nyemba. Ndinayang'ana abambo. Nawonso anandiyang'ana, osaphethira, kenaka anayamba kumasula zingwe. Pamenepo tinamvana.

Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti adona, akazi a amanejala, anaitaya pamene ankakonzetsa chipinda chochapira chija. Abambo anaibisa kwa mnzawo pafupi ndi fakitale, ndipo akaweruka ankapita kukaipala ndi chibenthu cha botolo, kuitsuka ndi madzi owira, kuchotsa waya n'kuikapo galasi. Kunena zoona inali yoyera kuposa mbale za anthu ambiri akumalaini.

Kabati itangolowa, nyumba yonse inayenera kusintha. Amayi anati chinthu chokongola sichingaime pakhoma lakuda ndi utsi. Tinapaka laimu wothira mchere kuti asamayoyoke, ndipo m'munsi mwa khoma tinazira mzere wa dothi lofiira. Ine ntchito yanga inali yodula nyuzipepala ngati mano a sowo n'kuyala m'mashelefu. Pamwamba anayalapo kansalu koluka okha, n'kuikapo botolo la maluwa apulasitiki. Makapu aja anatuluka m'dengu n'kufola kuseri kwa galasi, zogwirira zonse zitaloza mbali imodzi.

Basi amayi anasanduka mlangizi wa malaini onse. Azimayi akaweruka kothyola tiyi ankalowa kudzaona, iwo n'kumawaphunzitsa ataimika khosi. Kabati musamaigunditse kukhoma, chinyezi cha chiperoni chimaoletsa matabwa. Miyendo yake muziikhazika pa zitsekerero za mabotolo. Kalendala isamakhale pamwamba pa chithunzi cha ukwati. Amake Fanesi, amene tinkagundana nawo khoma, ankamvetsera akumwa tiyi m'kapu ya maluwa, milomo atapinda pang'ono, chifukwa kwawo mbale zinkakhala m'katoni. Nanenso sindinatsalire. Kusukulu ndinkauza aliyense za kalipentala wa ku Chinakanaka, mpaka ndinamupatsa ndevu ndi njinga yamoto. Ndinabwereza nkhaniyo kambirimbiri moti ndinayamba kuikhulupirira ndekha.

Chakudza sichiimba ng'oma. Amayi atabereka mlongo wanga wotsiriza, Lamulungu lina titachoka kutchalitchi galimoto yoyera inatsetsereka kumalaini ikulambalala maenje. Anali adona, kudzaona khanda. Anali mayi wachifundo ndithu, anabweretsa sopo ndi chitenje chatsopano, ndipo analowa atavula nsapato pakhomo. Anabwera ndi mwana wawo wamkazi, Tamanda, wocheperako kwa ine, tsitsi lake lili ndi timaliboni. Galimoto kumalaini inali ngati ng'oma ya ukwati. Posakhalitsa azimayi anadzaza m'nyumba, ena pakhomo, ana atakanikiza mphuno pawindo. Abambo anavala jekete n'kuima cha kukhoma. Amayi, nkhope ili ngwee, anandiuza kuti nditulutse makapu.

Ndikutulutsa makapu otsiriza, Tamanda anafika pambali panga. Anagwira chogwirira, anapendeketsa mutu, kenaka anagwada n'kusisita mwendo umodzi wa kabatiyo pamene panali timaenje tobisika ndi penti.

"Amami, taonani! Kabati ya Tayiga ija! Mano ake si awa, pamene ankaluma ali kamwana. Nanga mbale zake mwaziika kuti?"

Funso lotsirizalo anafunsa ine, mwaulemu, akumwetulira. Sankanyoza ayi, anangosangalala kuti wapeza chinthu chakwawo.

Ndinamva khanda likuyamwa. Adona anamukoka mwana wawo pamkono n'kunena kuti ana amaona zinthu zofanana paliponse, koma aliyense anadziwa kuti akungotiphimba. Amake Fanesi anali atalandira kale kapu. Anaiyang'ana m'kati, anaitembenuza, kenaka anaiika pansi mwakachetechete n'kupukuta milomo ndi chitenje, chonsecho anali asanamwe. Pawindo mwana wina anauwa ngati galu, anzake n'kuphulika kuseka.

Ine ndinangoima, kapu ili m'manja. Ndinkafuna nthaka itang'ambika ndilowe. Koma chimene chinandipweteka kwambiri chinali kuona abambo. Munthu amene ankatinyamula awiri nthawi imodzi anali atazolika, akupotokola batani la jekete ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Amayi sanawayang'ane n'komwe. Anathira tiyi, adona anamwa mpaka kutsiriza, ndipo ndimawathokozabe chifukwa cha zimenezo. Ena onse anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya ndiwo pamoto.

Lolemba kusukulu dzina langa la Esinati linali litatha, ndinali mchemwali wake wa Tayiga. Anyamata ankandiimbira likhweru n'kumawomba zala. Kumpopi azimayi ankasiya nkhani amayi akamafika, ndipo amake Fanesi anamveka akufunsa ngati mankhwala a nkhupakupa amachoka ndi sopo. M'nyumba namo munali mozizira. Amayi ankaphika, kupakula, kuyamwitsa, koma kwa abambo sankatsegula pakamwa. Abambo m'mawa uliwonse ankakwerabe kamtunda kaja kukasita timadiresi ta Tamanda. Ine ndinkaopa kuti banja latha, chifukwa ndinaona amayi akupinda zitenje zawo n'kuziika m'chikwama.

Loweruka lotsatira, dzuwa likupendeka, abambo anabweretsa njinga pakhomo. Anatulutsa makapu limodzilimodzi n'kuwaika pamphasa, anachotsa maluwa ndi kansalu, kenaka anayamba kuikwakwaza kabatiyo kupita nayo kukhomo. Anthu anali atayamba kale kusuzumira m'makonde mwawo. Amayi anatuluka kuchipinda khanda lili kumsana.

"Mukupita nayo kuti?"

"Ndikaitaye kukhwawa, amake Esinati. Ndinakulakwirani."

Amayi anaiyang'ana kabatiyo nthawi yaitali. Anapitisa chala pathabwa losalala lija, pamene abambo anapala mpaka zala kutuluka matuza. Kenaka analankhula mokweza, kuti ndi a m'makonde omwe amve.

"Bodza lanulo tidzakambirana m'nyumba. Koma kabatiyi ibwezeni pamalo pake. Galu akhale ndi kabati, ana anga ayi?"

Abambo anaibweza. Amayi anatola makapu, anawatsuka, n'kuwafoletsanso okha, misozi ikugwera pashelefu. Chikwama chija anachimasula tsiku lomwelo. Koma uphungu wawo wa zokongoletsa nyumba unathera pomwepo, ndipo panapita nthawi yaitali mlendo asanamwenso tiyi kwathu.

Masiku ano zinthu zinatembenuka. Anthu akulimbirana mipando yakale yochokera kunja pamsika, ndipo amanyadira kuti ndi yolimba. Mwana wanga wamkazi amandionetsa pafoni azimayi akupala makabati otayidwa, kuwapaka penti, kusintha zogwirira, anthu n'kumawayamikira kuti ndi aluso. Ntchito yomweyo abambo anga anaigwira mobisala ngati wakuba, ndipo anamwalira popanda wina wowauza kuti anaigwira bwino. Ndikamaganiza tsopano ndimaona kuti manyazi aja sanali a mbale za galu ayi, zimenezo madzi owira anachotsa. Anali manyazi oti malaini onse anamva, ife tili pomwepo, kuti zimene amayi anapempha zaka zonse zija, galu wa pakamtunda anali nazo kalekale osapempha.